Mamilimita Awiri ndi Theka

Bokosi langa labwerako koyesedwa
lili ndi kapepala kofiira pamphumi.
Bambo Ilangovan alembapo timalemba tothinana:
mpata pakati pa mizere iwiri ya mkuwa wachepa.
Mamilimita awiri ndi theka.
Iwo akufuna anayi.

Ndakhala pa benchi kuno ku Peelamedu,
fumbi la thonje likulowera pazenera,
bolodi ndaliika pansi pa galasi lokuza.
Sananame.
Mizereyo yapanikizana ngati anthu m'basi ya madzulo,
wina wasenza mavoliti mazana anayi ndi khumi ndi asanu,
mnzake asanu okha, opita ku batani
limene chala cha mlimi chidzadinize.

Ndinawaimbira foni. Ndinati bambo,
tayesa kakhumi konse, silinathetheke n'kamodzi komwe.
Anayamba amwa kaye khofi wawo, ndinamva kapu ikugunda mbale.
Thenmozhi, munayesera pa tebulo louma.
Munayesako m'kanyumba ka pampu mvula itakhazikika,
chinyezi chitamata pa bolodi ngati thukuta,
nyerere zitakoka dothi kudutsa pamenepo,
nalimata atafera pakati pa mawaya?
Magetsi sadumpha kokha, anatero.
Amakwawanso.
Amalondola litsiro pang'onopang'ono
mpaka atapeza munthu.

Ndinafuna kukwiya, koma nambala siikwiyirika.

Kathiravan wawerenga kale zotayika:
mabolodi zikwi ziwiri ali m'makatoni,
ngongole ya kubanki ikudikira chidindo,
ndipo wogula wa ku Pollachi wanena mosapsatira,
popanda chiphaso musanditumizire.
Akuti tipake vanishi wokhuthala.
Vanishi amang'aluka, ndamuuza.
Akuti nanga anzathu aja a kuseri kwa msewu?
Sindinayankhe.

Ntchito ya bokosi ili ndi kukana.
Usiku, minda yonse ya kokonati ikayatsa mapampu nthawi imodzi,
mphamvu imatsika, mota imabuula,
imakoka mopitirira n'kuyamba kutentha mkati,
ndipo bokosi liyenera kunena kuti basi.
Nthambo imodzi mwa zitatu ikafa, basi.
Chitsime chikauma pampu n'kumameza mpweya, basi.
Funso limene linandidyera miyezi
linali lakuti lidikire masekondi angati.
Likafulumira, mlimi amatopa nalo
n'kulitsekereza ndi kamtengo kuti lisazimenso.
Likachedwa, fungo la mawaya opsa limafika kunyumba
mwini wake asanadzuke.
Ndinasankha atatu.
Pa atatuwo ndinali wonyada,
moti mpata uja sindinauyang'ane kawiri.

Bambo anga ali ndi chipsera choyera pachikhatho,
chooneka ngati ndalama yachitsulo.
Anachipeza pa swichi ya pampu ya eni munda
ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi.
Sachikamba. Amangogwira kapu ndi dzanja lamanzere.

Tsono lero ndatenga tupa wamng'ono kwambiri
ndipo ndikusema kamng'alu pakati pa mizere iwiriyo,
kuboola bolodi mpaka kuwala kuoneke kuseri,
kuti chokwawa chikafika pamphepete
chipeze phompho, chizungulire ulendo wautali.
Ufa wobiriwira wadzaza m'zikhadabo.
Ndayeza. Ndapukuta. Ndayezanso.
Anayi ndi kakang'ono pamwamba.

Mawa fakitale itiuze mtengo wosemera zikwi ziwiri.
Mawa tilipirenso ndalama yoyesera,
ndipo bokosi likagonanso masabata asanu ndi limodzi
m'kabati yawo ya nthunzi ndi kutentha,
akalimenye ndi mphenzi yopanga okha,
akalipise ndi chala chachitsulo m'mabowo onse.

Kathiravan wazimitsa fani, akufuna makiyi.
Ndamupempha mphindi zisanu.
Pali mizere ina kumunsi, pafupi ndi fyuzi,
imene Bambo Ilangovan sanaitchule,
ndipo sindikuikhulupirira.